Mitima Iwiri ya a Pasipoti

Palibe makina pa dziko lino amene anawagonjetsapo a Pasipoti. Amatero okha, ndipo wokayika apite akaone fakitale yawo ya mipando. Makina onse ali mmenemo anakagula okha kunja, n'kudzawalumikiza okha osatsegula ndi buku lomwe. Munthu anayamba ndi sowo imodzi ya mano othothoka, lero zidindo za maulendo zachuluka mpaka anthu anaiwala dzina lawo lenileni, n'kumangoti a Pasipoti.

Chaka chimenecho ankafuna kukagula makina osema miyendo ya matebulo, ulendo wa maola khumi ndi awiri m'ndege. Koma adokotala atawayeza anapukusa mutu. Magazi ankathamanga ngati galimoto yoduka mabuleki.

"Kalata yokulolani kuyenda sindilemba," anatero adokotala. "Muzilimbitsa thupi mphindi makumi atatu tsiku lililonse, kwa masiku makumi anayi. Mukatero mubwerenso tidzaone."

Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, anawagulira wotchi yamakono yowerenga kugunda kwa mtima, n'kuilumikiza ku foni yake. Iwo anagula makina oyendapo, aja a lamba woyenda pansi pa mapazi, n'kuwaika pabalaza pafupi ndi zenera kuti odutsa aziona.

Tsiku loyamba anakwerapo mphindi makumi anayi zathunthu. Dzanja lamanzere linagwira chitsulo cha m'mbali kuti gwa, lamanja lili ndi foni pakhutu, akukalipira wogulitsa matabwa. Atatsika anayang'ana wotchi. Inalemba mphindi zinayi.

"Iwe, wandigulira chakufa!" anamuuza mwana wawo.

"Si chakufa, ababa. Wotchiyo imamvetsera zinthu ziwiri, mtima ndi mkono. Mtima ugunde ngati wa munthu wothamangira basi, mkono uzigwedezeka. Inu mwakangamira chitsulo, mukuyenda ngati mukuyendera antchito. Iyo ikuona ngati mwakhala pampando. Muzidina apa kuiuza kuti mwayamba kuyenda, kenako musiye chitsulocho."

"Ine ndizipempha chilolezo kwa wotchi? Ine amene ndakwera ndege zoposa tsitsi la m'mutu mwangamu?"

"Tsitsilo latsala lowerengeka, ababa."

A Pasipoti sanaseke. Koma mmawa mwake, ali kufakitale, maso awo anagwera pa kalipentala wawo wamkulu, bambo wa imvi wouma ngati msomali, amene anayamba naye ntchito kalekale. Ankapala thabwa, mkono ukupita ukubwera, thukuta lili chuchuchu. Mkono ukugwedezeka, mtima ukugunda. Nanga wotchi imafunanso chiyani?

"Amisiri, tabwerani. Valani iyi. Muzindibwezera poweruka."

"Bwana, ine nthawi ndimaonera mimba yanga."

"Valani basi. Ndi mphatso ya masana okha."

Kuyambira tsiku limenelo wotchi inasangalala. Mphindi zana, mphindi zana ndi makumi asanu, nyenyezi zikuthwanima pagalasi. Mwana uja ankatumiza mauthenga oyamikira, a Pasipoti n'kumaonetsa aliyense wobwera mu ofesi. Makina a pabalaza aja anasanduka poyanikapo matawulo. Tikiti ya ndege anaiguliratu.

Masiku makumi anayi atakwana anapita kuchipatala atavala suti, mwana wawo ali pambali. Adokotala anawamanga lamba pamkono, kupopa, kuyang'ana, kupopanso. Kenako anatenga foni ya namwinoyo n'kuyamba kuwerenga zimene wotchi inasunga. Anawerenga nthawi yaitali.

"Bwana, mwayenda maiko ambiri. Kodi kwinako anakuikani mtima wachiwiri?"

"Mukutanthauza chiyani, adokotala?"

"Pano pali mitima iwiri. Wina umayamba ntchito eyiti koloko mmawa. Umagwira ntchito yolemetsa, ndipo ukangopuma umakhazikika msangamsanga ngati wa mnyamata wampira. Faifi koloko ikakwana umaweruka, n'kubwera wina wothamanga ngakhale mwini wake atangokhala. Tsiku Lamulungu mtima woyamba uja suoneka n'komwe. Tiyeni tikwere masitepe awa, tione kuti mwabwera ndi uti."

Anakwera nsanjika imodzi. Pa yachiwiri a Pasipoti anakhala pansi, ndi suti yomwe, mpweya ukutuluka ngati mpira wobooka. Mwana wawo sanawakalipire. Anangowamasula tayi, misozi ili lengelenge m'maso.

"Ababa, ine usiku ndimagona mtima uli m'malo chifukwa cha manambala aja. Mumanamiza ndani?"

Mawu amenewo anawalasa kuposa jakisoni aliyense wa m'chipatalamo.

"Mwini mtima wa masanawu ndikhoza kumulembera kalata lero lomwe," anatero adokotala. "Inu ayi."

Apa ndi pamene munthu wamkulu amadziwikira. Atabwerera kufakitale anaitana kalipentala uja pamaso pa antchito onse.

"Amisiri, mayeso mwakhoza ndinu, ndiye ulendo ndi wanu. Ndisinthitsa tikiti. Mukasankhe makina abwino, musakandichititse manyazi."

Bamboyo anagwetsa pensulo imene inali kukhutu. "Ine bwana? M'ndege? Kodi mumakhala mawindo otsegula munthu akafuna mpweya?"

Fakitale yonse inafa nacho chiseko, a Pasipoti n'kuseka kuposa onse.

Madzulo ake anachotsa matawulo pa makina aja. Anaika foni m'thumba la jekete, jekete m'chipinda. Anadina pamene mwana wawo anawaonetsa, n'kusiya chitsulo.

"Mtima wanga ndaubera masiku makumi anayi," anauza mwana wawoyo. "Ine sindinathawepo ngongole. Uziwerenga."

Tsiku loyamba wotchi inawapatsa mphindi zisanu ndi ziwiri, iwo atanyowa ngati agwa m'chitsime. Anaitukwana m'zinenero zitatu, mawa lake n'kukweranso. Sabata yachiwiri zinafika makumi awiri. Anaidziwa khalidwe lake monga amadziwira makina ena onse: akazengereza imangokhala duu, akakoka phazi mikono ikuponyedwa imayamba kuwerenga. Lamba wa thalauza anaboola bowo latsopano, kenako linanso. Kalipentala anapita n'kubwerako ndi makina osema aja, ndi nkhani za m'ndege zosatha, iwo akadali pa makina awo oyendapo.

Tsiku limene adokotala anasaina kalata, a Pasipoti anaimika antchito onse, n'kukweza mkono kuti aliyense aone. Mphindi 1,200, zonse za mtima umodzi, popanda yobwereka ngakhale imodzi.

"Ndinakuuzani kuti palibe makina amene anandigonjetsapo!"

Ndipo sananame. Kungoti awa anawagonjetsa ndi thukuta lawo lomwe, pakuti chenjerechenjere sakupha nsomba, akupha nsomba ndi kombe.