Mpope wa mfuti ya a Mubita

A Simon Mubita atapuma ntchito ya uphunzitsi ku Nyimba sanabwerere kwawo kumadzulo. Anali atakwatira ku Mwape, ndipo kumeneko anatsegula munda wa chimanga m'tsinde mwa phiri. Chimangacho chinkabereka bwino ndithu, koma okolola anali anyani. Akazi awo, mayi Consolata, ankakhalira kumenya chitini ndi kukuwa mpaka mawu kusasa, anyaniwo akungowayang'ana ngati akumvera kwaya.

Atatopa nazo, a Mubita analimba mtima n'kukagula mfuti yatsopano ku Lusaka, ya chiphaso chake. Zipolopolo ndi zopukutira zinachedwa kufika, motero mfutiyo inakhala pakhoma la kuchipinda dzinja lonse ikungoopseza abuluzi. Anthu a m'mudzi, amene sasowa chonena, anaitcha mfuti ya chionetsero.

Katunduyo anafika Loweruka lina m'mawa, chimanga chitayamba kudyeka chachiwisi. A Mubita anayala mphasa pakhonde n'kuikapo mfuti, kandodo kachitsulo, kabotolo ka mafuta ndi tinsanza toyera tomwe anang'amba ku malaya akale. Asanayambe n'komwe, anatulukira a Lazarous, mlongo wa akazi awo, ali wefuwefu.

"Mulamu, anyani aseluka phili lonse, ali mumunda mwanu manje manje! Ikani chipolopolo tiyende!"

"Siningaombele mfuti yamene sininapukute," anayankha a Mubita. "Mukati mukali gilizi ya kufakitale."

"Gilizi? Chipolopolo chizapukuta cheka. Ngati muyopa, nipatseni ine."

A Lazarous anagwira mfutiyo, koma a Mubita anaikanikiza ndi bondo pamphasa. Bambo awo, amene anali mlenje, anawasiyira lamulo limodzi: mfuti usanaone kuwala mkati mwake, usaiwombe. Lamulo limenelo analisunga ngati dzina lawo.

Mayi Consolata anaima pakhomo misozi ili lengelenge. "Atate ake Sibeso, chakudya cha chaka chonse chili kuja. Muzapukuta mailo."

"Amai, nikululukileni. Nizabwela nikatsiliza."

Mawu amenewa anawapweteka onse awiri. Mayiwo anatola chitini chawo n'kuthamangira kumunda okha. Anthu oyandikana nawo anayamba kusonkhana pabwalo, wina n'kunena mokweza dala kuti mphunzitsi ndi mphunzitsi basi, ngakhale nyumba ikupsa amayamba wafufuta bolodi. Anaseka onse. A Mubita anamva, makutu anawatentha, koma sanadzutse mutu.

Anachotsa chitsulo chotsekera kumbuyo, n'kukweza mpope wa mfuti kuloza kumwamba kuti asuzumire. Munali mdima bii. Anakulunga kansanza kukandodo n'kukalowetsa pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo. Kansanzako kanabwerera kali ndi girizi wofiirira. Anaikanso kena, nakonso chimodzimodzi. Atakankha mozama, pafupi ndi kukamwa kwa mfuti, kandodo kanaima nji.

Patali chitini cha mayi Consolata chinkalirabe, ndipo kulira kulikonse kunkawabaya mumtima. Anadontheza mafuta, anadikira, kenaka anagogoda kandodoko mofatsa ndi chikhatho. Pamphasa panagwa chibulumwa cha dothi louma gwa, kutalika kwake ngati chala cham'manja. Chitasweka mbali imodzi, munatuluka tiakangaude takufa. Mavu aja omanga ndi dothi anali atapeza nyumba yaulere pamene mfuti inali pakhoma, ndipo anaimata mwaluso osasiya mpata.

Kuseka kunatha. Panalibe wofunika kumufotokozera, chifukwa onse ankawadziwa a Eddie a kutsidya kwa dambo, amene mfuti yawo ya gogodera inawaphulikira itatsekeka ndi matope, moti mpaka lero amapereka moni ndi dzanja lamanzere. A Lazarous anakhala pansi. Anayang'ana dothilo, anayang'ana zala zawo, n'kuzibisa m'khwapa.

"Mulamu," anatero motsitsa mawu, "sembe manje muninyamula pa njinga."

A Mubita anapitiriza kupukuta, kansanza pambuyo pa kansanza, kufikira kena kanatuluka koyera monga kanalowera. Anasuzumiranso, ndipo ulendo uno dzuwa linadutsa mumpopemo n'kuwalasa m'diso. Pamenepo anamwetulira, anaimirira, n'kuuyamba wa kumunda, khamu lonse lili pambuyo pawo ngati silomwe linkawaseka.

Anawomba kamodzi kokha. Chinyani chachimuna chotsogolera gulu chinagwa pachulu, anzake onse n'kubalalikira kuphiri, ndipo chaka chimenecho sanatsikenso. Koma mbali ya munda ya kumtunda inali itapita kale, mapesi okhaokha ali lambalamba. Mayi Consolata anayang'ana chionongekocho, mkwiyo ukadali pankhope, mpaka mlongo wawo anawatambasulira chikhatho n'kuwaonetsa dothi lija.

Anamvetsera nkhani yonse ali chiimire. Kenaka anagwira dzanja la mlongo wawo, anagwiranso la amuna awo, n'kuimba nthungululu pakati pa mapesi othyokawo.

"Chimanga tizabyala china," anatero. "Manja sabyala."

Dothi lija silinatayidwe. Lili m'kambale kagalasi pabalaza, pambali pa chithunzi cha ukwati, ndipo mlendo aliyense amaonetsedwa asanamwe n'madzi omwe. Mayi Consolata amaifotokoza nkhaniyi monyadira, ngati kuti tsiku lija iwo sananene zopukuta mawa. A Mubita amangosisita chibwano, koma chifuwa chimakhala chitatukuka. Ndipo a Lazarous, akamuona munthu akupupuluma pa ntchito, amatambasula zala zawo zonse zamphumphu n'kumukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.