Dzino la Mwandida

Panali munthu wina, mmisiri wa matabwa, amene ankakhoma mipando, zitseko ndi mabokosi a maliro m'mbali mwa msewu. Anali munthu wanthabwala. Mumawadziwa anthu oterewa, pakamwa sipapuma ngakhale ataluma misomali. Anali ndi mwana wamkazi, dzina lake Mwandida, amene anali atangoyamba kumene sukulu. Akaweruka ankapita ku shedi ya bambo ake, n'kukhala pansi pa tebulo kumamanga tinyumba ndi tizidutswa ta matabwa.

Tsiku lina kunabwera mnzake wa mmisiriyo atagwira tsaya. Dzino linali litamuguluka akukukuta chimanga chokazinga. Mmisiri uja anaseka mpaka kugwetsa sowo.

"Ee, achimwene, mano akayamba kuguluka ndiye kuti ulendo wayandikira! Imani bwino ndikuyezeretu bokosi."

Anatengadi tepi n'kumuyeza mnzakeyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Onse awiri anaseka mpaka misozi. Koma pansi pa tebulo panali mwana, ndipo iye sanaseke. Agogo ake, amene anamwalira chaka chathacho, analibe dzino ndi limodzi lomwe. Bokosi lawo anakhoma ndi bambo ake omwewa, iye akuona.

Sipanapite nthawi, dzino lakutsogolo la Mwandida linayamba kugwedera. Sanauze munthu. Anasiya kudya nzimbe, chinthu chimene ankalimbirana ndi aliyense. Poyankhula ankatseka pakamwa ndi dzanja. Mayi ake anati mwina ndi malungo, koma thupi silinkatentha. Bambo ake anati ndi manyazi a kusukulu, atha okha. Chidole chake chansanza Mwandida anakapatsa mwana wa nyumba yoyandikana nayo, nati, "Uzichifunditsa, chimamva kuzizira." Akuluakulu anaona, nayamikira kuti mwanayu ngopatsa. Wofunsa chifukwa panalibe.

Ndiye masana ena dzino lija linaguluka lokha.

Mmisiri anali atachokapo pang'ono kukagula misomali. Pobwera, mwana sakuoneka. Anaitana, kuli zii. Kuseri kwa shedi kunali kabokosi kakang'ono, kamodzi mwa tija amakhomeratu mwini wake asanadziwike. Chivundikiro chake chinali pambali. Anasuzumiramo. Mwandida anali atagona chagada m'menemo, manja atawongola, maso ali kumwamba.

"Iwe! Ukutani m'menemo?"

Mwana anatambasula chikhatho. Munali kadzino, kali ndi timagazi.

"Laguluka, ababa. Ndimafuna ndione ngati ndikukwanamo, kuti musavutike ndi kundiyeza." Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Kodi zimapweteka?"

Abale anga, bambo uja analira. Mwamuna wamkulu, wandevu zake, analira ngati kamwana. Anamunyamula msanga, namuuza kuti ana onse mano amaguluka ena n'kumera, kuti zija zinali zocheza chabe. Mwana anangomuyang'ana.

"Koma aja munawayeza ndi tepi," anatero.

Apa mmisiri anazindikira kuti pakamwa pokha sipathandiza. Mwana anali ataona ndi maso, ndipo anafunika kuonanso ndi maso. Anamukhazika pa tebulo, natenga hamala, nayamba kuzula misomali ya kabokosi kaja, umodziumodzi, mwana akuonerera. Kabokosi kanasanduka matabwa wamba. Anawacheka, nawapala, nawakhoma mwa mtundu wina. Dzuwa lisanapendeke kwambiri, panali pataima mpando.

Anamukweza Mwandida pa mpandowo. Mapazi ake anangolendewera m'malere.

"Ababa, mwalakwitsa. Wanditalikira."

"Sindinalakwitse, mama. Ndayeza Mwandida wa m'tsogolo, wa mano atsopano. Mapaziwa adzafika pansi, ndipo ine ndidzakhala ndikuona."

Mwana anayang'ana mapazi ake nthawi yaitali, akuwagwedeza. Kenaka anamwetulira, osatsekanso pakamwa, gweru lonse lili poyera. Kadzino kaja anakaponya padenga monga amachitira anzake. Atatero anapempha nzimbe.

Tsono makolo anzanga, timakonda kunena kuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Zoona. Koma dziwani kuti mwa mwana amagonera onse, abwino ndi oipa omwe. Iwe wanena, waseka, waiwala, wapita kumsika. Iye wawatola, wagona nawo, wadzuka nawo, ndipo sakuuza, chifukwa kwa iye bambo sanama, mayi sanama. Ife tomwe timati, "Ukaliranso ndikusiya kuchigayo," ife tomwe timati, "Iwe tinachita kukutola." Timayesa ndi zocheza. Ndani adamuuza mwanayo kuti ndi zocheza?

Sindikuti tileke kuseka, ayi, nyumba yopanda kuseka ndi manda. Koma mwana akasiya mwadzidzidzi kudya chimene amakonda, akayamba kugawa zidole zake, musathamangire kunena kuti zitha zokha. Khalani naye pansi, mumufunse chimene anamva. Mmisiri uja anachita mwayi, mwana wake anamupeza akadali wofunsa mafunso. Inu, musanaponye nthabwala yanu, yambani mwasuzumira pansi pa tebulo.