Dazi la Mayi Nkhanga

Nkhanga ndi Njiri ankakhala moyandikana m'mphepete mwa dambo, ndipo sankachedwa kukangana. Kwa Njiri, chilichonse chosadyedwa chinali chinyalala. Koma Nkhanga, mayi wathu uja, sankataya kanthu ngakhale chigoba cha dzira.

Chilimwe chitafika, udzu unauma gwaa, ndipo anthu osaka mbewa anayamba kutentha tchire. Utsi unkaoneka kuseri kwa phiri tsiku ndi tsiku. Nkhanga mtima unali m'mwamba, chifukwa anali ndi anapiye osatha kuuluka.

"Achimwene, ndithandizeni kulambula kuzungulira nyumbayi," anatero Nkhanga. "Moto ukabwera, anawa ndithawa nawo bwanji?"

Njiri anagwada monga mwa chizolowezi chake, nayamba kufukula nthaka ndi mphuno. Nkhanga ankamweta udzu, anapiye n'kumapalasa m'mbuyo, ntchito yawo yambiri ili yosewera. Dzuwa lisanalowe, msewu waukulu wa dothi lokhalokha unazungulira nyumba, woti moto sungaudumphe.

"Tsopano udzu wamwetedwawu tikautaye kutali," anatero Njiri.

"Kutaya? Udzu wofolera wabwino chonchi? Inu mumagona kuuna, za denga simuzidziwa. Pitani mukapume, ndiusamala ndekha."

Njiri atachoka, Nkhanga anamanga udzuwo m'mitolo. Kutchire anaopa chiswe, pakhonde panachepa, ndiye anaona kuti malo oyera bwino ndi pamsewu wolambulidwa kumene uja. Anandandalika mitolo yake mopingasa msewuwo, kuyambira m'mbali mwa tchire mpaka kukhoma la nyumba. Kenako anaima chapatali n'kumadziyamikira yekha, osadziwa kuti wamangira moto mlatho.

Masana ena mphepo inatembenuka, moto n'kutsika m'phiri ukulilima. Utafika pamsewu unasowa chodya, nuyamba kuzima mbali zonse. Koma pamene panali mitolo unalandiridwa ngati mlendo, ndipo unayamba kuwoloka kulunjika kukhoma.

Nkhanga anakuwa mpaka dambo lonse linamva. Njiri anatulukira ali liwiro, mchira uli njoo m'mwamba.

"Achemwali, ponyerani mitoloyo kumoto, msanga!"

"Yonse? Ngakhale iwiri yokha osatsala?"

"Sankhani, udzu kapena ana!"

Nkhanga anacheuka. Anapiye anali ataunjikana pakhomo, akutsokomola ndi utsi, wamng'ono akulira kuitana amake. Apa manyazi ndi mantha zinamugwira pamodzi, ndipo za denga anaiwaliratu. Anayamba kukoka mitolo yake yokondedwa n'kumaiponya kutsidya, Njiri akukwirira malawi ndi dothi.

Mtolo womaliza, wotsamira khoma, unali utagwira kale moto kunsonga. Nkhanga sanaganize kawiri. Anausenza pamutu ngati nkhuni, nathamanga nawo kuwoloka msewu, n'kukauponya palupsa. Moto unasowa njira, nupitirira kunka kudambo kumene unakazima.

Utsi utachepa, Nkhanga anawerenga anapiye ake, nawapeza onse. Nyumba inali chilili. Koma anawo ankangomuyang'ana kumutu, kenako mmodzi anaphulika kuseka.

"Amayi, nthenga zakumutu zapita kuti?"

Nkhanga anadzigwira, napeza mutu uli see ngati chipanda. Njiri anayesa kudziletsa, koma anagwa chagada ndi phwete.

"Sekani, achimwene," anatero Nkhanga, nayenso misozi ya chiseko ili mbwembwembwe. "Kutentha kuno mutu wanga ndiwo uzimva kamphepo."

Nthenga zakumutu sizinamerenso, ndipo mpaka lero Nkhanga amayenda ndi dazi lake. Koma madzulo amenewo anafungatira anapiye ake onse m'mapiko, popanda ndi mmodzi yemwe wopsa chala.

Phunziro: Kulambula pakhomo sikuthandiza ngati chouma ukuchisunga pomwe walambulapo. Chinthu chimene ukukana kutaya chikhoza kulondolera moto kwa ana ako.