Mwana Womanidwa Dzuwa

M'kanjira kathu kaja ka mu mzinda wakale wa Fes, kamene bulu wonyamula zikopa akalowa anthu mumachita kudzimata kukhoma, dzuwa silifika pansi. Wolifuna amalitsatira padenga. Kumeneko ndiye kubwalo kwa akazi. Amachapa, amayanika ubweya ndi tsabola, amapeta tirigu, amajedana moponyerana mawu kuchoka denga ili kufika denga ilo, ana ali yakaliyakali pakati pa zingwe za zovala. Mkazi mmodzi yekha ndiye ankakwera wopanda mwana kumsana, n'kuyanika mothamanga ngati waba, n'kutsika. Ameneyo anali Rkia, mkazi wa Driss wosula mapoto amkuwa.

Rkia anachokera kummwera, kuchigwa cha Draa, ndipo anali wakuda bii, wamtali, wa mano oyera. Koma anthu ena a ku Fes kuno, Mulungu awakhululukire, amayeza munthu ndi khungu. Apongozi ake, Lalla Kenza, mayi wochenjera amene sagula nkhuyu pamsika asanang'ambe imodzi kuti aone m'kati, anamulandira ndi nthabwala. "Driss watibweretsera makala," anatero. "Chaka chino sitizizidwa." Anthu anaseka. Rkia anaseka nawo, poti mtengwa sakwiya tsiku loyamba, koma mawuwo anamubaya ndipo munga wake sunazuke.

Mwana wake woyamba anabadwa woyera mbee, monga amabadwira ana ambiri. Tsiku lomupatsa dzina, nkhosa itaphedwa, akazi atadzaza m'chipinda, Lalla Kenza ananyamula khandalo n'kupinda kakhutu kake.

"Musanyengedwe ndi nkhope, inu," anatero. "Khutu silinama. Taonani m'mphepetemu. Ameneyu ndi amake enieni, dikirani muone."

"Iyayi Lalla, watengera bambo ake uyu," mayi wina anayankha pofuna kuziziritsa nkhani.

"Tidzaona dzuwa likamulawa."

Rkia anamva zonsezi ali gone pakona. Dzuwa likamulawa? Chabwino, ndiye silimulawa. Analumbira chamumtima kuti mwana wake Hnia sadzatchedwa khala pakhomo limenelo, zivute zitani.

Anasamutsira mwanayo m'chipinda chapansi cham'kati, chimene chili ndi kawindo kamodzi kokha, ndipo kawindoko anakatchinga ndi nsalu yokhuthala. Popita kunyumba yosambira ankamufunditsa bulangeti mutu ndi miyendo yomwe, ngakhale m'chilimwe pamene makoma amachita kutentha ngati uvuni. Iye mwini anasiya kukhala padenga. Ati mkaka wa mayi wowauka ndi dzuwa umadetsa mwana. Anazimva kuti zimenezo? Palibe anamuuza. Mantha amapeka okha nzeru zawo, ndipo nzeruzo zimakhala zopusa.

Mkulu wake, Mbarka, amene ankakhala tsidya lina la kanjirako n'kumachapira anthu ubweya, sanachedwe kumutsina khutu. Tsiku lina analowa m'chipindamo n'kupunthwa pabeseni.

"Iwe Rkia, muno ndi m'nyumba kapena m'manda? Mwana ali kuti?"

"Ali apo, akugona. Tsekani chitseko achemwali, kukulowa kuwala."

"Kuwala? Ukulera mwana kapena bowa? Ife amayi ankatigoneka pamchenga kuseri kwa khola, dzuwa likuswa mtengo, iwo akukolola kanjedza. Tinafa?"

"Sitinafe, koma tinada."

"Tinabadwa akuda, chitsiru iwe! Bweretsa kuno ndikwere naye, akasewere ndi anzake."

"Ana anu akwere. Wanga ayi. Inu simudya mbale imodzi ndi Lalla Kenza, simudziwa."

Mbarka anatuluka akupukusa mutu. Anabweranso kangapo ndi mawu omwewo, mpaka Rkia anayamba kumutsekera chitseko.

Khungu la Hnia linakhaladi loyererako, lotumbuluka ngati mphukira yomera pansi pa mtsuko. Koma mtendere m'nyumbamo unatha. Mwanayo ankalira kosalekeza, kulira kotopa, kopanda mphamvu. Akagona, mutu wake unkachita thukuta mpaka pilo kunyowa. Ukamunyamula m'khwapa ankakuwa ngati wamutsina. Rkia ankangozungulira naye m'chipindamo, kuchoka kukhoma ili kufika kukhoma ilo, kumuyamwitsa, kumutsitsa, kumunyamulanso. Ana obadwa naye mwezi umodzi anayamba kukwawa, kenako kuimirira, kenako phokoso la mapazi awo linkamveka padenga pamwamba pa mutu wake. Hnia ankangokhala pamene wamukhazika. Mano anachedwa, liwombo silinatsekeke, mfundo za m'manja zinatupa.

Driss anafunsapo kamodzi akuvula nsapato madzulo. "Kodi amake Hnia, mwanayu ayenda liti? Wa Abdeslam wophika buledi uja akuthamangitsa kale amphaka."

"Ana aakazi amachedwa."

"Nanga miyendoyi bwanji ikuoneka ngati yapindika?"

"Ndi mafuta. Inu dziwani za mapoto anu."

Driss anadziwadi za mapoto ake. Amuna ena amaganiza kuti akabweretsa nyama ndi shuga ndiye kuti alera mwana.

Rkia sikuti sankaona. Ankaona bwinobwino, ndipo mtima unali m'mwamba tsiku lililonse. Pomusambitsa ankagwira timiyendoto n'kuyesa kutiwongola ndi manja, tikabwerera pomwepo iye n'kufulumira kutifunditsa. Kenako anapeza chonamizira. Ati ndi diso loipa. Mwana woyera chonchi anthu angamuleke? Anamumanga chithumwa pakhosi, anafukiza lubani, ndipo anamubisa koposa kale. Abale inu, munthu akasochera n'kuyamba kuthamanga amangotalikitsa ulendo wobwerera.

Hnia akuyandikira zaka ziwiri, mlongo wake wa Driss anakwatiwa. Ukwati wa ku Fes mwana sabisidwa. Rkia anamusokera chovala chachitali chobiriwira chofika mpaka kuphazi, anamupaka wanja m'maso, n'kulowa naye m'bwalo la ukwati atamukumbatira. Ha, mmene akazi anamuunjirira!

"Uyu ndi wa Rkia? Bodza!"

"Mkaka weniweni, Mulungu amusunge."

Lalla Kenza, amene kale sankamuyang'ana kawiri, anamulanda m'manja mwa amake n'kumayenda naye gulu ndi gulu. "Magazi a kwathu awa," ankatero. "Makala aja sanagwire." Rkia anaima pambali akumwetulira. Tinene zoona, anakondwa. Zimene anavutikira zija zinali zitapsa, ndipo anazilawa kukoma kwake.

Ng'oma zitayamba, tiana tinalowa pakati n'kumadumphadumpha, akazi akuwomba m'manja ndi kululutira. Mayi wina wa kuchimuna anakuwa, "Lalla Kenza, mutsitseni mdzukulu wanuyo avine! Kapena ndi chidole cha m'kabati?"

Rkia anadumpha. "Ayi Lalla, watopa, sanagone bwino. Bweretsani kuno."

"Watopa chiyani, wayenda ulendo wanji? Choka apa. Vina, mwana wanga, awone."

Anamuimika pansi poterera paja n'kuchotsa manja. Kamwanako kanagwedezeka, kanatambasula manja kufuna chogwira, ndipo miyendo inapindika ngati nsalu yonyowa. Kanagwera mwendo wakumanzere. Kulira kumene kanalira kunazimitsa ng'oma. Chovala chija chinali chitakwera mpaka m'chiuno, ndipo bwalo lonse linaona timiyendo towonda, tamatewe, topindika ngati uta. Panalibe woseka. Akazi omwe aja ankati mkaka anagwira pakamwa.

Anali Mbarka amene anakankha anthu n'kutola mwanayo. Sanatukwane, sananene kuti ndinakuuza. Anangoti, "Tenga chofunda chako, tiye," ndipo Rkia anamutsatira ngati mbuzi yomangidwa chingwe.

Kuchipatala anapeza kuti fupa lathetheka. Dokotala wake anali mayi wachikulire wa magalasi, wolankhula mosazungulira. Anagwira mfundo za m'manja, anapapasa nthiti ndi liwombo, kenako anayang'ana Rkia.

"Mwanayu amakhala kuti masana?"

"M'nyumba, adokotala."

"Padenga sakwera?"

Rkia anayang'ana pansi. Mbarka ndiye anayankha. "Chibadwire dzuwa sanalionepo. Amaopa kuti ada."

Dokotala anavula magalasi, anapuma mozama, n'kutembenukira kwa Rkia. "Mayi, mwana akagwa ataima sathyoka fupa. Mafupa a uyu ndi ofewa, chifukwa mwawamana chakudya chawo. Mkaka wokha sukwanira. Khungu likaona dzuwa limapanga chinthu chimene chimalimbitsa mafupa, ndipo popanda chimenecho mafupa amapindika ndi kulemera kwa mwana yemweyo. Tsono mverani. Makolo anu anakhala mibadwo yosawerengeka kumene dzuwa limaotcha, ndipo khungu lawo linada kuti liziwatchinga, monga mthunzi woyenda nawo. Amene anasamukira kumaiko a mitambo khungu lawo linayera pang'onopang'ono kuti kadzuwa kochepako kazilowa msanga. Palibe loposa linzake, lililonse linatengera dzuwa la kwawo. Koma la inu ndi la mwanayu limafuna dzuwa lochulukirapo kuti ligwire ntchito. Inu mwatenga khungu la ku Draa n'kulitsekera m'chipinda chamdima."

"Ndiye ayenda?" Mbarka anafunsa.

"Ayenda. Ndimupatsa mankhwala akumwa, ndipo mwendowu tiumanga. Ukapola, azikwera padenga m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwiye, manja ndi miyendo zili pamtunda. Inunso mayi muzikhala naye pomwepo. Wakumanjawu ukhoza kuwongoka. Wathyokawu sindikulonjeza."

Rkia anatsegula pakamwa, ndipo funso limene linatuluka linamuchititsa manyazi iye mwini lisanathe. "Nanga akada?"

"Ada ndithu," dokotala anatero. "Mukufuna mwana woyera kapena woyenda?"

Pamenepo ndi pamene Rkia analira. Analira mokweza, atagwira phazi la mwana wake, mpaka odwala a panja anasuzumira.

M'mawa woyamba kukwera naye padenga, akazi anasiya kuchapa. Rkia anayala chikopa cha nkhosa pakati penipeni, anakhazika Hnia, n'kumupindira zovala. Mwanayo anatsinzina, anayetsemula, kenako anatambasula dzanja kufuna kugwira kuwala kumene kunali pakhoma. Amake anakhala pambali pake akulimbana ndi chilakolako chomufunditsa. Mbarka anamuponyera mulu wa ubweya. "Gwira ntchito apa, manja akowo asowe zochita zopusa."

Miyezi inapita. Kulira kuja kunachepa, thukuta linaleka, ndipo khungu la Hnia linada tsiku ndi tsiku mpaka linafanana ndi m'mphepete mwa khutu muja. Tsiku lina anagwira dengu la zovala, anadzikoka, anaima. Kenako anaponya phazi. Denga lonse linalulutira ngati kwabwera mkwatibwi.

Lalla Kenza anakwera masitepe akupuma wefuwefu kudzaona chachitika. Anayang'ana mdzukulu wake nthawi yaitali.

"Koma ndiye wada," anatero.

"Wada, Lalla," Rkia anayankha osatsitsa maso. "Ndi khala, ngati amake. Tapatukani pamenepo, mwamutchingira dzuwa."

Mayi wachikulireyo anapatuka.

Hnia lero ndi mtsikana wa sukulu, wakuda, wakuthwa pakamwa ngati Mbarka. Mwendo wakumanja unawongoka. Wakumanzere unakana. Akamabwera m'kanjira kathu timamudziwa tisanamuone, chifukwa phazi lina limagunda, lina limakwekwereza. Anzake akamathamangira bulu wa zikopa, iye amatsalira m'mbuyo akukuwa kuti amudikire. Rkia akamva mapazi amenewo amasiya chimene wagwira, ndipo nkhope yake imagwa. Mwanayo sanafunsebe chimene chinachitikira mwendo wake, koma adzafunsa, ndipo amake akudziwa kuti yankho lake lili ndi iwo.

Ine chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi ichi. Lalla Kenza akadali kung'amba nkhuyu pamsika asanagule, ndipo Rkia naye amadziwa kugogoda mtsuko kuti amve ngati uli ndi mng'alu. Pa zinthu za msika onse awiri sapusitsidwa. Koma mwana wamoyo anamuyang'ana kunja kokha, wina pomunyoza, wina pomubisa, mafupa akufewa m'kati mwa khungu limene ankalitamalo. Akuluakulu ananena kalekale: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.