Mpando wa Pakati

Panali mayi wina, a Nankhoma, amene mwana wake wamkazi anasiya kuyankhula. Mwanayo dzina lake anali Nthambi, wa Sitandade 6. Sanadwale, sanagwe mumtengo. Anangotseka pakamwa, basi.

Kuti mumve bwino, ndibwerere m'mbuyo. Nthambi anali ndi mlongo wake wamng'ono, Limbani, amene anamwalira ndi malungo. Pochokera kumanda, bambo wa m'nyumbamo, amene anali kalipentala, anauza mkazi wake kuti, "Mukanathamanga naye kuchipatala, bwenzi ali moyo." Mayiyo anabweza mawu ake owawa. Ankhoswe anabwera, akuchimuna ndi akuchikazi, n'kugamula kuti, "Nkhani yatha iyi, musaitchulenso. Banja ndi kupirira."

Awiriwo anamvera, koma anamvera mopitirira muyeso. Nkhani ija sanaitchulenso, ndipo ndi zina zomwe analeka kuuzana. Mawu onse ankadzera mwa Nthambi. "Kawauze amayi ako kuti madzi osamba azizira." "Kawauze abambo ako kuti denga likudontha." Mwana ankanyamula, ndipo mawu akakhala ndi minga ankayamba waichotsa asanafikitse. Anthu akumpingo ankalitama banjali, amvekere m'nyumba mwa akalipentala simumveka phokoso. Inde, simunkamveka. Kumanda nakonso sikumveka phokoso.

Zinayenda choncho zaka ndithu. Tsiku lina atatumidwa, Nthambi anangoima pakhonde n'kuyang'ana pansi. Kuyambira pamenepo, kunyumba ndi kusukulu komwe, anali duu.

A Nankhoma sanakhale pansi. Anapita naye kumapemphero. Anapita naye kuchipatala, kumene anamuunika kukhosi ndi m'makutu koma sanapeze kanthu. Anansi anayamba zawo zija, zoti mwanayo anamuchita chipongwe. Ndiye namwino wina anawauza kuti kuboma kuli mayi amene anaphunzira ntchito yolangiza mabanja. Anakwera minibasi, n'kukapeza mayiyo kulibe. Sabata inayo anakweranso. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mlangiziyo anamvetsera mpaka a Nankhoma anamaliza. Kenako anati, "Mwanayu payekha sindingamuthandize. Mubwere nonse, ndi abambo ake omwe."

Apa ndiye panali ntchito. Akawauza kudzera mwa ndani, wotumidwa uja ali chete? A Nankhoma anachita mantha, tisabise. Koma atatsika minibasi sanalowe m'nyumba. Analunjika kuchisakasa kumene mwamuna wake ankapala matabwa, n'kuima patsogolo pake.

"Abambo a Nthambi."

Mwamuna uja anasiya zimene ankachita. Atamva nkhaniyo anakwinya nkhope. "Za m'nyumba mwanga ndikaulule kwa mlendo? Ankhoswe tilibe?"

"Ankhoswe anati tikhale chete. Takhala. Pano mwana naye wakhala chete. Mmodzi tinaika kale, uyu sindimutaya ndikuona. Sindichoka pano mpaka mutavomera."

Anakhala pamulu wa matabwa, osasuntha. Makasitomala ankabwera n'kumadabwa. Pomaliza mwamuna uja anati apita.

M'chipinda cha mlangizi munali mipando itatu yondondozana. Popanda womuuza, Nthambi anakhala wa pakati. Mlangizi anafunsa bamboyo zimene zimamusowetsa mtendere pakhomo pake. Bamboyo, mwachizolowezi, anatembenukira kwa mwana. "Uwauze amayi ako kuti..."

Mlangizi anaimirira. Anagwira Nthambi padzanja, n'kunyamula mpando wake kukauika pafupi ndi zenera. "Nthambi, ntchito imeneyi wapuma lero. Sinali yako." Kenako anati, "Bambo, amayi ake ndi awo. Makutu ali nawo."

Pakati pa awiriwo panatsala malo opanda kanthu. Kalipentala anayang'ana zikhatho zake nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mkazi wake.

"A Nankhoma, tsiku lija munanditumira uthenga kuti mwana watentha thupi. Ine ndinati ndimalize kaye chitseko cha eni. Ndinaloza inu chifukwa ndinkaopa kudziloza ndekha."

Mayiyo analira kulira kumene sanalire pamaliro paja. Mlangizi sanagamule kuti wolakwa ndi uyu kapena uyo. Anangoonetsetsa kuti wina akamayankhula, mnzake amve mpaka kumapeto, ndipo abwereze zimene wamva asanayankhe.

Musaganize kuti zinatha tsiku lomwelo. Anabwererako kambirimbiri, ulendo wina atakwiyitsana m'njira. M'nyumba muja munayamba kumveka mikangano, moti anansi ankati banja la akalipentala likutha. Koma tsopano ankakangana maso ndi maso, opanda wowanyamulira. Nthambi ankangowayang'ana, akadali chete.

M'mawa wina, makolo ake akutsutsana za denga lija, mwanayo anaima pakhomo atavala yunifolomu. Mawu anatuluka osasa, ngati a munthu wongodzuka kumene.

"Ndiye kuti pano ndingamamutchule Limbani?"

Inu amene mwakhala apa, musandimve molakwa. Ankhoswe sindikuwanyoza, inenso ndine nkhoswe, ndipo mawu oti "pirirani" ndawanenapo kangapo. Koma bala ukalimanga osalitsuka limawolera mkati, ndipo zimandipweteka kuti nthawi zambiri amene amadwala nalo ndi mwana. Mukaona kuti zakukanikani, funsani kuchipatala, funsani kumpingo, mpaka mupeze munthu amene anaphunzira ntchito imeneyi. Mukamupeza, musakamusiyire mwana ngati wailesi yofuna kukonzedwa. Lowani nonse. Ndipo mukafika kunyumba lero, muyang'ane bwinobwino amene mwamukhazika pa mpando wa pakati, mumuuze kuti wapuma.