Mawanga a Ndatola

Tabwerani mukhale pansi, musiye kuthamangitsa nkhangazo, simungazigwire. Iwe Mzati, wafunsa kuti bwanji nkhanga zathuzi zinaswedwa ndi nkhuku koma sizimvera nkhuku. Funso limenelo linazunguza mitu ya akuluakulu kuposa iwe.

Kalekale, nkhanga inalibe mawanga. Inali yakuda bii ngati kunsi kwa mphika. Masiku amenewo khalidwe la mwana silinkavuta kulidziwa, chifukwa mwanapiye ankatenga mtima wa amene wafungatira dzira lake. Akafungatira wofatsa, ana onse ofatsa. Akafungatira waukali, ana onse aukali. Mtima unkalowa m'dzira pamodzi ndi kutentha.

Kudambo kunkakhala Nantchengwa, mbalame ija ya mutu ngati nyundo, ndipo iye ndiye ankayeza mitima. Anapiye akangoyamba kuyenda, amawo ankapita nawo kwa iye. Ankaponya tsamba m'mwamba kuti mthunzi wake udutse ngati wa kabawi, n'kuona amene athamangire kwa amake ndi amene abisale yekha mu udzu. Akatero ankaviika mlomo m'dothi loyera n'kudinda kadontho kamodzi, pachifuwa kwa mwana wa mtima wa pakhomo, pamsana kwa mwana wa mtima wa kutchire. Wa pachifuwa ankabwerera kukhola ndi amake. Wa pamsana ankaperekedwa kutchire ndipo sankabweranso. Mvula yoyamba ikagwa kadonthoko kankachoka, koma mawu a Nantchengwa ankakhala. Anali asanalakwitsepo, n'chifukwa chake ankayenda monyada ngati dambo lonse anamusiyira ndi bambo ake.

Chaka china m'chilimwe moto unalusa kutchire. Paja nkhanga zinapangana kusanapse, choncho zonse zinathawa bwinobwino, koma dzira lilibe miyendo. M'mawa mwake thadzi lina, dzina lake Nasimango, linapita pa lupsa kukatola ziwala zowauka. Pansi pa chitsamba chimene moto unalambalala linapeza dzira limodzi, laling'ono, lolimba, lofundabe. Nasimango anadziwa kuti ndi la nkhanga, anadziwanso kuti mwini wake anali atalifungatira kale masiku ambiri. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena chamumtima kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Analigubuduza ndi mlomo mpaka kukhola, n'kuliika pakati pa mazira ake. Sanauze aliyense.

Mazira aja ataswa, anapiye onse anali ofanana kupatula kamwana kamodzi ka miyendo yofiira, kosakhazikika. Nasimango anakatcha Ndatola. Anzake atafunsa za dzinalo anangoti watola mwayi. Ndipo kunena zoona, kamwana kameneka ankakakonda kuposa ana ake enieni. Zimachitika, musandiyang'ane choncho.

Tsiku loyeza litafika, Nantchengwa anaponya tsamba lake. Anapiye onse anathamangira m'mapiko mwa amawo, Ndatola ali patsogolo. Onse anadindidwa pachifuwa. Nasimango anapumira m'mwamba n'kuyamba kutsazika. Koma akutembenuka, mphepo inagwetsa tsamba lina mumtengo, ndipo Ndatola anangoti gwa! mu udzu, phee, osaoneka ngakhale mchira.

Nantchengwa anaima ndi mwendo umodzi. "Mayi, mwana uyu wachita chiyani?"

"Wapunthwa, bambo," anatero Nasimango.

"Kupunthwa kotereku ndikukudziwa ine. Ndi kwa kutchire." Anamudinda pamsana, kenako anaona kadontho ka pachifuwa kaja n'kukanda m'mutu. Mwana mmodzi, madontho awiri. Zimenezi zinali zisanachitikepo. "Dzira lake munaikira ndinu?"

Apa ndiye panali pamphambano, ana inu. Nasimango akananena zoona, mwina Nantchengwa akanadziwa pogwira. Koma mayiyo anayang'ana tchire lakuda lija, anayang'ana kamwana kake, n'kusankha bodza.

"Ndinaikira ndine, ndinafungatiranso ndine ndekha."

"Ndiye kuti ndalakwitsa ndine," anatero Nantchengwa, mawu akutuluka movutika. "Mubwere naye mawa."

Mawa lake Nantchengwa anamuwazira mapira. Ndatola anaitana abale ake kuti adyere limodzi, kadontho pachifuwa. Atamuwaziranso, anatola ngala yonse n'kuthawira nayo patchire, kadontho pamsana. Tsiku lina Nantchengwa anaitana tambala wachilendo kuti aone ngati mwanayo angachite manyazi. Ndatola anamulonjera mwaulemu, mutu pansi, kenako anamujompha pachala. Anamuyeza m'mawa, anali wofatsa. Anamuyeza dzuwa litapendeka, anali chimphepo. Anamuyeza ali wokhuta, anamuyeza ali ndi njala, anamuyeza amake atabisala kuseri kwa chulu. Pachifuwa panadzaza, pamsana panadzaza, madontho anayamba kutsikira m'mapiko ndi m'ntchafu. Nantchengwa anaonda. Ankayankhula yekha m'mphepete mwa madzi, ndipo achule anayamba kumuseka.

Amene ankavutika koposa anali Ndatola mwiniwake. Abale ake anali atayamba kumutcha Mawanga. Tsiku lina pobwerera kudambo anaima panjira.

"Amayi, kodi ineyo ndine wotani?"

"Ndiwe mwana wanga."

"Zimenezo ndikudziwa. Koma ndine wamantha kapena wolimba mtima? Ndikakhala m'khola ndimalakalaka kunja. Ndikakhala kunja ndimakusowani. Anzanga onse anauzidwa chimene ali. Ine bwanji?"

Mtima wa Nasimango unawawa kwambiri. M'malo moyankha anayamba kumuphunzitsa. "Tamvera. Mawa ndi tsiku lomaliza, atero a Nantchengwa. Tsamba likagwa, thamangira kwa ine. Miyendo ikafuna kwina, uikanize. Mapira akawazidwa, uitane anzako. Usauluke, usakuwe. Uchite ngati nkhuku tsiku limodzi lokha, tikakhale tonse kwathu."

"Ndiye akayeza ine kapena akayeza inu?" anafunsa Ndatola.

"Usandifunse zambiri, mwana iwe."

M'mawa mbalame zonse zinasonkhana kudambo, za pakhomo mbali iyi, za kutchire mbali iyo. Ndatola anachita zonse monga anauzidwira. Tsamba linagwa, iye m'mapiko mwa amake. Linagwanso, iye momwemo. Mapira anawazidwa, iye anaitana abale ake mwaulemu. Nantchengwa anayamba kuwongoka khosi, ulemu wake ukubwerera. Anaviika mlomo m'dothi loyera n'kuyamba kufunafuna malo pachifuwa pamene panatsala.

Nthawi yomweyo mthunzi unadutsa, ndipo sunali wa tsamba. Kabawi weniweni anali akutsika, maso ali pa kamwanapiye kotsiriza ka Nasimango kamene kanatsalira poyera. Nkhuku zonse zinauma. Ndatola anakuwa mawu amene palibe nkhuku inawatulutsapo, mawu okanda m'makutu ngati khasu pamwala. Anauluka n'kumenya kabawi pachifuwa. Kabawi anadzidzimuka n'kubwerera m'mwamba wopanda kanthu. Koma tamverani izi: atatera pansi, ngwazi ija inathamangira m'mapiko mwa amake ikunjenjemera ngati yagwa m'madzi.

Nantchengwa anakhala pansi, dothi likudontha kumlomo. "Wakuwa ngati wa kutchire, wateteza ngati wa pakhomo, wamenya ngati tambala, wabisala ngati khanda. Mayi, ndikufunsaninso. Dzira lija linali lanu?"

Nasimango anaona kuti bodza lafika pamapeto. "Ndinalitola pa lupsa, bambo. Nkhanga inayamba kulifungatira, ine ndinamaliza."

Kumbali ya kutchire nkhanga zinayamba kung'ung'udza, koma panalibe imene inadziwa kuti dziralo linali la yani, poti ambiri anataya mazira pamoto uja.

"Ndiye mtima wake ndi wa yani?" anafunsa tambala.

Nantchengwa anazungulira Ndatola, anamuyang'ana kutsogolo, anamuyang'ana kumbuyo. Panalibenso malo odinda. "Sindikudziwa," anatero. Aka kanali koyamba mawu amenewa kutuluka pakamwa pake.

Ndatola anatuluka m'mapiko muja pang'onopang'ono. Anayang'ana nkhanga zakuda zija, sizinamudziwe. Anayang'ana amake.

"Munkadziwa nthawi yonseyi, ine ndikudindidwa tsiku ndi tsiku?"

"Ndinkaopa kuti andilanda iwe," anatero Nasimango, misozi ili m'maso.

Madzulo nkhuku zikulowa m'khola, Ndatola sanalowe. Sanapitenso kutchire. Anakwera mumtengo wa m'malire, pamene bwalo limathera ndi pamene udzu umayambira. Nasimango anaima pansi pake n'kumaitana monga ankaitanira ali kakhanda. Ndatola ankayankha ali m'mwambamo, koma sanatsike. Mvula yoyamba inagwa, madontho a anapiye ena onse anachoka. Ake anali atalowerera mpaka mu nthenga.

Ndi chifukwa chake lero nkhanga ili ndi mawanga thupi lonse, ndipo ngakhale uilere pakhomo imadya nawe m'mawa, masana ili kutchire, madzulo ili mumtengo. Nantchengwa anasiya ntchito yoyeza. Mukamuona waima m'madzi akuyang'anitsitsa pansi, akufunsa chithunzi chake kuti analakwitsa pati. Kuyambira pamenepo kutentha kwa mayi sikulonjezanso kanthu, kwa mbalame ngakhale kwa anthu. Si inu nomwe, Mzati ndi Tawina, mimba imodzi, bere limodzi, wina moto wina madzi, ndipo mawa mumasinthana? Ine ndinasiya kalekale kunena kuti ndimakudziwani.

Koma taonani thadzi lathu lija uko, pansi pa mtengo wa mango. Dzuwa likulowa, anzake alowa kale m'khola, ilo lapendeketsa mutu, diso limodzi kumwamba. Likuitanabe mwana amene linamufungatira, ndipo mwanayo akuyankha, koma satsika.