Madzi Owiritsira Nyumba Imodzi

"Bambo a mwana, pitani mukawauze anthu lero lomwe," adatero mkazi wa katswiri woyeza madzi, atamva kuti m'chitsime cha m'dera lawo mwapezeka tizilombo totsegula m'mimba.

"Anzanga ku ntchito sadatsimikize zimene ndapezazi," adayankha mwamunayo akumanga nsapato. "Ndikafuula msanga n'kupezeka ndalakwitsa, nkhope ndidzaiika pati? Ine yanga n'kuyeza, kulalikira n'kwa abusa. Iwe uziwiritsa madzi athu, pakamwa utseke."

Mayiyo adamvera, koma mtima uli m'mwamba. M'mawa uliwonse ankasuzumira pazenera, kuona amayi anzake akudutsa ndi zidebe pamutu. Tsiku lina neba wawo, mayi wosoka zovala, adamuseka: "Asisi, makala onsewa mukuphika madzi? Kapena ndiye ndiwo za anthu ophunzira?" Iye adangoseka nawo.

Chimene katswiriyo adaiwala n'chakuti ludzu la mwana silidziwa mpanda. Kamtsikana kawo kankaswera pakhonde la telalayo, kuvalitsa zidole tizigamba pamodzi ndi kamnyamata ka m'nyumbamo. Akatopa ankamwera kapu imodzi.

Ana awiriwo adadwala sabata imodzi, n'kugonekedwa m'chipatala pa mabedi oyandikana. Kamtsikana kadatuluka katangotsala mafupa okhaokha. Kamnyamata kadatuluka katakutidwa nsalu imene mayi ake adasoka okha.

Pamaliro, telala uja adagwira dzanja la mkazi wa katswiri, maso atatupa. "Asisi, wathu uja wayamba kudya? Mumusamale, ndi amene watitsalira."

Mawu amenewo adamulasa koposa mwano uliwonse.

Pobwerera kunyumba adapeza mwamuna wake ataima pakhomo, asanavule n'jekete lomwe. "Atsimikiza," adatero motsitsa mawu. "Mawa tiyamba kulengeza."

"Mukalengeze kumanda, Bambo a mwana. Kumeneko ndiye kuli wofunika kumva."

Adalowa kuchipinda n'kuyamba kupinda timadiresi ta mwana, tambiri mwa ito tosokedwa ndi neba yemweyo. Adatsimikiza mtima kuti kusanache akagogoda kwa telala, akamuuze zonse ndi pakamwa pake, kenako abereke mwana ulendo wa kwa mayi ake. Sakadathanso kuona zidebe zikudutsa pazenera lija.

Adawiritsira madzi nyumba imodzi, osadziwa kuti akuluakulu sadaname: mwana wa mnzako ngwako yemwe.